Kwa amayi amene mwana wawo akutsokomola usiku

Amayi, mwalemba kuti mwana wanu wa zaka ziwiri sakugona ndi chifuwa chibwerereni apongozi anu aamuna kuchokera ku Chipata, ndipo iwo amasutira m'nyumba madzulo poti kunja kukuzizira. Mwafunsa ngati kutsegula zenera n'kokwanira, ndiponso mankhwala oti mugule.

Zenera silikwanira ayi. M'nyumba zathu za zipinda ziwiri kuno ku Kanyama mu Lusaka, zopanda siling'i, utsi umangodutsa pamwamba pa khoma n'kutsikira pomwe mwana wagona. Wina umakakamira m'makatani, m'mabulangeti ndi pamipando ngakhale ndudu itazima kalekale. Mawa m'mawa nunkhizani kachipewa ka mwanayo, mumva nokha. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, ndipo tinjira ta mpweya m'mapapo mwake n'tating'ono, sitichedwa kutupa. Utsi umenewu uli ndi makemikolo oposa 7,000, n'chifukwa chake ana okulira mu utsi wa fodya amadwaladwala chibayo, mphumu ndi zilonda za m'khutu.

Mankhwala a m'botolo musayambe mwagula. Mwanayo akagona phee, vulani malaya ake muyang'ane pachifuwa, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Pa msinkhu wakewo, akafika ka 40 kapena kupitirira, ndiye kuti akupuma mothamanga, mupite naye kukiliniki tsiku lomwelo. Koma mukaona pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akukana kumwa, musadikire kuti kuche. Chipatala cha Kanyama chili pafupi, ndipo zikavuta iwo amatumiza ku chipatala chachikulu cha UTH. Mukafika uzani anamwino poyera kuti kunyumba kuli wosuta.

Chovuta chenicheni ndi apongoziwo, ndikudziwa. Inu simungaime pamaso pawo n'kuwauza kuti atuluke, zingaoneke ngati mukuwathamangitsa. Mawu amenewa ndi a bambo a mwanayo. Akhale pansi ndi atate awo, asanene zoti asiye fodya, poti imeneyo ndi nkhondo ina, koma angopempha kuti chifukwa cha mdzukulu, fodya azisutira panja, kutali ndi chitseko. Ngakhale lamulo la dziko lino linaletsa kusuta pamalo a anthu ambiri mu 2008, nanga m'chipinda chogona mwana? Inu muwakonzere mpando pabwalo, jekete lokhuthala loti azilivula polowa, ndi madzi osamba m'manja asanamunyamule. Agogo ambiri akamva kuti mdzukulu ndiye akuvutika, sakana.

Mbaulanso muiganizire. June ndi July ambirife timailowetsa m'nyumba kuti tiwothe, koma makala m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wosanunkha, woti ungaphe munthu ali m'tulo. Phikirani panja, ndipo pokagona mbaula itsale kunja, mwana mumuonjezere bulangeti.