Mwana wa hemofiliya wabayidwa jakisoni wa patako: kodi namwino ali ndi mlandu?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 6 ali ndi hemofiliya, matenda amene magazi sagwirana msanga munthu akavulala. Thupi litatentha anapita naye kuchipatala chaching'ono, namwino anamubaya jakisoni wa patako ngakhale m'kabuku ka kuchipatala munalembedwa za matendawa. Pano thako latupa, mwana akukana kuponda pansi. Akufunsa ngati namwinoyo angayankhe mlandu.

Pepani kwambiri mayi. Za mlandu tikamba, koma mwendowo ndiye sudikira. Kutupako ndi magazi amene akukha m'kati mwa mnofu. Mukaona kuti ululu ukukulirakulira, mwendo wachita dzanzi kapena phazi lazizira, nyamukani lero lomwe mupite kuchipatala chachikulu, ngati Kamuzu Central kapena Queen Elizabeth, chifukwa magazi akadzaza mumnofu amafinya mitsempha ndipo mwendo ungathe kulumala. Poyembekezera, mwana asayende, ndipo ikani patupapo ayisi wokulunga m'nsalu. Musamatikite, musathowe ndi madzi otentha, ndipo mphini ndiye ayi ndithu. Za ululu, mpatseni paracetamol. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac amawonjezera kukha kwa magazi.

Mankhwala enieni ndi kubwezera m'magazi chinthu chothandiza kuti agwirane chimene chikusowa. Wa hemofiliya A amasowa factor VIII, wa B amasowa factor IX, ndipo amapatsidwa kudzera mumtsempha. Ikasowa, madokotala amagwiritsa ntchito plasma, kapena cryoprecipitate kwa wa A, zochokera m'magazi amene anthu amapereka. Palinso tranexamic acid, amene amathandiza kwambiri magazi akamatuluka m'kamwa kapena m'mphuno. Mtundu wa A umapezeka mwa mwana wamwamuna mmodzi pa pafupifupi 5,000 alionse, n'chifukwa chake anamwino ambiri akumidzi amagwira ntchito zaka osaonako wodwala wotere. Komabe lamulo lake ndi lodziwika: jakisoni wa mumnofu amapewedwa, ngakhale katemera amabayidwa pansi pa khungu ngati n'kotheka.

Ndiye kodi namwinoyo ali ndi mlandu? N'zotheka. Khoti silizenga munthu chifukwa chakuti zinthu zangoipa. Limafunsa ngati namwino wina wosamala, wophunzira mofanana naye, akanachita zomwezo, komanso ngati kulakwitsako n'kumene kwavulaza mwana. Apa m'pamene kabuku kaja kakulemera. Ngati mawu akuti hemofiliya analembedwa poonekera, kapena inu munanena pakamwa iye n'kukunyozerani, kudziteteza kumuvuta. Kunena kuti "adokotala ndiwo analemba" sikumuchotsera udindo wonse, pakuti wogwira jakisoni ayenera kufunsa akaona choopsa, ngakhale wolembayo nayenso ali ndi gawo lake.

Kokadandaula kulipo. Zipatala za boma zili ndi ombudsman wa pachipatala, wolandira madandaulo a odwala. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene limapereka ziphaso kwa anamwino ndi azamba, lili ndi mphamvu zofufuza, kuchenjeza, kuimitsa kapena kulanda chiphaso, koma chipukutamisozi chimachokera kukhoti. Kumeneko nthawi zambiri wosumiridwa ndi wolemba ntchito, kaya boma kaya mwini chipatala, osati thumba la namwino. Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku Legal Aid Bureau, ndipo musachedwe, milandu yotere ili ndi nthawi yake. Jambulani kutupako tsiku ndi tsiku, jambulaninso masamba a kabukuko, lembani tsiku, ola ndi mawu amene munalankhulana, kenaka mupemphe lipoti kwa dokotala amene amuone mwanayo.

Ine maganizo anga ndi akuti mudandaule ndithu. Ndikudziwa kuti namwino mmodzi amatha kukhala ndi mzere wa odwala wofika panja, ndipo ndimawamvera chisoni. Koma nkhani ikangothera pa khonde, chipatalacho sichisintha kanthu, ndipo mwana wanu adzabwereranso pomwepo akadzadwala malungo. Pachikuto cha kabuku kake lembani ndi zilembo zikuluzikulu kuti HEMOFILIYA, OSABAYA MUMNOFU, ndipo azichemwali anu akapite ndi ana awo aamuna kukayezetsa magazi asanaganize za mdulidwe, poti matendawa amayenda kuchikazi.