Kukopa ophunzira akunja kumayambira pa viza

Mwafunsa chifukwa chake ophunzira akunja sabwera ngakhale dziko litatsatsa mayunivesite ake pa intaneti. Kawirikawiri vuto limakhala pa viza. Wophunzira akalandira kalata yomupatsa malo koma viza n'kuchedwa, amangopita dziko lina. Choncho gwirizanani kaye ndi nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko kuti mafomu a ophunzira aziyenda msanga.

Lembaninso poyera ndalama zonse: fizi, malo ogona, inshuwalansi ya zaumoyo. Nthawi zambiri olipira ndi makolo, ndipo funso lawo lalikulu ndi lakuti kodi digiriyo idzavomerezedwa kwawo. Mayunivesite atsatse limodzi kudzera m'bungwe limodzi, monga DAAD ku Germany kapena Campus France ku France, chaka chathunthu maphunziro asanayambe. Ma ejenti, omwe ndi anthu kapena makampani opezera mayunivesite ophunzira akunja, muziwalipira wophunzira akafika, osati akangolembetsa dzina.