Kulipira kapena kusonkhanitsa mapointi: mafunso a owerenga pa za masetifiketi a kompyuta

FUNSO: A Mkonzi, ndine mtsikana wa ku Chilenje. Masana ndimagulitsa mafoni mu shopu ina m'tauni, ndipo madzulo ndimaphunzira kulemba mapulogalamu m'chinenero cha Java pa laputopu yakale imene alongo anga anandisiyira. Ndikufuna kudzalemba mayeso kuti ndikhale ndi setifiketi yodziwika. Ndapeza malo ena pa intaneti okonzekeretsa anthu mayeso, kumene amaonetsa mafunso ochepa kwaulere n'kutseka otsalawo. Akuti ndingatsegule m'njira ziwiri: kulipira mwezi ndi mwezi ndalama zoposa mtengo wa thumba la ufa la makilogalamu 25, kapena kusonkhanitsa mapointi poyankha mafunso a anzanga ndi potumiza mafunso amene ndingakumbukire ndikatuluka m'mayeso. Ndalama ndilibe zambiri, nthawinso ndi yochepa. Nditsate njira iti?

YANKHO: Mchemwali wanga, musanaganizire za kiyi, muyambe mwafunsa chimene chili kuseri kwa chitsekocho, chifukwa m'kalata yanu muli mawu amodzi amene andiimitsa mutu. Mwanena kuti mapointi ena amaperekedwa kwa munthu amene watumiza mafunso owakumbukira kuchokera m'mayeso enieni. Mafunso otere anthu a zamakompyuta amawatcha madampu, ndipo sakusiyana ndi chija pano timangoti leakage nyengo ya mayeso a Giredi 12, chimene abale athu a ku Malawi amachitcha likasa. Makampani opereka masetifiketi monga Oracle, Microsoft, Cisco ndi Amazon Web Services amafuna kuti wolemba mayeso avomere kaye pangano lakuti sadzaulula mafunso, ndipo wopezeka atawaulula kapena atagwiritsa ntchito obedwa angathe kulandidwa setifiketi n'kuletsedwa kulembanso. Choncho ngati chobisikacho ndi madampu, njira zonse ziwiri n'zoipa, ndipo ya mapointi ndiyo yoipitsitsa, popeza wolipira wangogula katundu wakuba pamene wotumiza mafunso ndiye wakubayo, atachita kulemba dzina lake pa panganolo.

Palinso vuto lina limene ambiri amalizindikira mochedwa. Mayankho a m'madampu salembedwa ndi eni mayeso koma ndi anthu ongoganizira, ndipo si zachilendo kupeza funso limodzi lili ndi yankho B pamwamba, pansi pake anthu akukangana kuti yankho lenileni ndi D. Amene waloweza zimenezi n'kupambana mwamwayi amadzaonekera poyera tsiku lofunsidwa ntchito, pamene ampatsa laputopu n'kumuuza kuti alembe kapulogalamu kowerengetsa malipiro a antchito asanu, iye n'kungoyang'ana kiyibodi thukuta lili kamukamu.

Tsopano tinene kuti malowo ndi achilungamo, ndipo mafunso ake ndi oyeserera olembedwa ndi aphunzitsi. Apa funso lanu lili ndi mbiri yake. Tsamba la mafunso ndi mayankho a zamakompyuta la Experts Exchange, limene linayamba mu 1996, linatchuka ndi kubisa mayankho kwa osalipira, koma akatswiri oyankha mafunso ambiri ankatha kulowa kwaulere chifukwa cha mapointi awo. Anthu ambiri olemba mapulogalamu ankanyansidwa nako kutsekerezako, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa Jeff Atwood ndi Joel Spolsky kuyambitsa tsamba lina lotchedwa Stack Overflow mu 2008, kumene aliyense amawerenga mayankho kwaulere ndipo mapointi sagulitsidwa. Kumeneko yankho lanu likavoteredwa kuti ndi labwino mumalandira mapointi 10, wofunsayo akalivomereza kuti lamuthandiza mumalandira 15, ndipo wina akalivotera kuti ndi lolakwika amakuchotserani 2. Mapointiwo satsegula mayankho koma udindo, moti amene wafika pa 2,000 amaloledwa kukonza zolemba za anzake popanda kudikira kuti wina avomereze.

Ndafotokoza zimenezi kuti muone kuti mapointi ali pawiri. Alipo osonyeza kuti anzanu akukukhulupirirani, ndipo alipo ongokhala ngati ndalama yolowera pachipata. A mtundu wachiwiriwu amaononga khalidwe la anthu msanga, chifukwa munthu wofuna kungotsegula chitseko amayamba kulemba mayankho achisawawa, kukopera za ena, kapena kulemba "zikomo" kakhumi kuti chiwerengero chikwere. Mungadziwe mtundu wa malo amene mwapezawo mwa kuwerenga mayankho makumi awiri otsatizana. Mukaona kuti ambiri ndi a mzere umodzi opanda kufotokoza chifukwa, dziwani kuti mapointi a kumeneko alibe phindu kwa wophunzira.

Kumene mapointi amaperekedwa chifukwa cha yankho lofotokozedwa bwino, ine ndimaikonda njira imeneyi, ndipo chifukwa chake si kupulumutsa ndalama ayi. Kuti mufotokozere mnzanu chifukwa chimene pulogalamu yake yaimira n'kulemba uthenga wa vuto wakuti NullPointerException, muyenera kuitsegula nokha, kuiyendetsa, kupeza mzere umene waitana chinthu chopanda kanthu, kenako n'kulemba mawu omveka. Ola limene mwathera pamenepo ndi phunziro lenileni, ndipo zoterezi siziiwalika ngati zoloweza. Komabe tisanamizane kuti njirayi ndi yaulere. Imadya bandulo, imadya tulo, ndipo amene anakhala mu Lusaka mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku damu la Kariba, akukumbukira mmene magetsi ankabwerera pakati pa usiku kwa maola ochepa okha, anthu n'kudzuka kuti atchaje mafoni ndi kusita zovala. Munthu woimirira tsiku lonse mu shopu sangapikisane liwiro ndi woyankha wa ku Bangalore ku India kapena ku Berlin ku Germany amene ali pa kompyuta tsiku lonse, ndipo mafunso osavuta amakhala atayankhidwa kale inu musanafike n'kunyumba komwe.

Kulipira nako kuli ndi malo ake, makamaka tsiku la mayeso likayandikira. Malangizo anga ndi akuti miyezi yoyambirira muphunzire ndi zinthu zaulere, zimene ndi zambiri ndithu. Oracle imaika malongosoledwe a Java pa intaneti kwaulere pamodzi ndi mndandanda wa mitu ya mayeso. Bungwe la freeCodeCamp, limene Quincy Larson analiyambitsa mu 2014, limaphunzitsa ndi kupereka masetifiketi ake popanda malipiro, ndipo maphunziro a CS50 a ku yunivesite ya Harvard nawonso mungawatsate kwaulere, ngakhale kuti iwo sayambira pa Java. Kukatsala mwezi umodzi, pamenepo lipirani mayeso oyeserera ovomerezeka ndi eni setifiketi, kwa mwezi umodzi wokha. Mukangolipira, tsekani pomwepo dongosolo lodzilipirira lokha mwezi ukatha, chifukwa ambiri adulidwa ndalama pa khadi kwa miyezi ingapo atasiya kale kuwerenga.

Ndalama yaikulu muisungire mayeso enieniwo, amene mtengo wake umatchulidwa m'madola a ku America ndipo umasintha m'thumba mwathu kwacha ikagwa. Kuti muone kukula kwake, Amazon Web Services imalipiritsa madola 100 pa mayeso oyambira, 150 pa apakati ndi 300 pa aukatswiri, ndipo wolephera amadikira masiku 14 n'kulipiranso ndalama yonse. Mtengo wa mayeso a Java muuone pa tsamba la Oracle lenilenilo musanayambe kusunga. Ngati mudzalembere kunyumba pamaso pa woyang'anira wa pa kamera, mudzafunika chipinda chopanda munthu wina, tebulo lopanda pepala, chiphaso chokhala ndi chithunzi, ndi intaneti yosadukaduka, ndipo laputopu yakale ya alongo anuyo muiyese kaye ngati batire lake lingapirire magetsi atazima mayeso ali mkati.

FUNSO: A Mkonzi, ndine bambo wa ku Matero. Mwana wanga amakhala pa kompyuta mpaka usiku, ndipo akuti ali ndi mapointi ambiri ndi mabaji amene adzampezetsa ntchito. Kodi zimenezi ndi masetifiketi?

YANKHO: Bambo, si masetifiketi ayi, ndipo ofesi yolemba anthu ntchito imene yalengeza kuti ikufuna digiri kapena dipuloma sidzawawerengera m'malo mwa mapepalawo. Komabe musamuone ngati wotaya nthawi, chifukwa mkulu wa olemba mapulogalamu amene adzamufunse mafunso angathe kutsegula mayankho akewo n'kuona mmene amaganizira, makamaka ngati alinso ndi ntchito zake zooneka pa GitHub, tsamba limene olemba mapulogalamu amaikapo ntchito zawo. Mumufunse akuonetseni mayankho atatu amene iye amanyadira, ndipo akufotokozereni m'chinenero chathu vuto limene anathetsa. Akalephera kukumveketsani, mapointiwo ndi a kungodina. Mumulimbikitsenso kukumana ndi anzake maso ndi maso, monga ku BongoHive, malo a zaluso amene anayamba kuno ku Lusaka mu 2011, popeza ntchito zambiri zoyamba zimamveka kudzera mwa anthu odziwana. Akadzayamba kugwira ntchito, afufuzenso za kulembetsa ku bungwe la ICTAZ, limene lamulo la mu 2018 linalipatsa udindo wolembetsa akatswiri a zamakompyuta m'dziko muno.