Bwanji zidutswa za bomba sizifanana?

Bambo wina wa ku Marka, m'boma la Nsanje, anditumizira imelo. Akuti madzi osefukira ataphwa, m'dimba mwawo munatuluka tizitsulo tadzimbiri, tina ting'onoting'ono, tina totalika ndi topotoka. Akuluakulu a m'mudzi akuti ndi zotsalira za nkhondo ya ku Mozambique ija inatha mu 1992. Akufunsa: ngati zonse ndi za mabomba, bwanji sizifanana?

Bambo, nkhani yagona pa mtundu wa chitsulo. Pali chitsulo chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole, chija amapangira miphika ya miyendo itatu. Chimenechi chili ndi kaboni (chinthu chija chimapezeka m'makala) wambiri, wopitirira magawo 2 pa 100 alionse, ndipo sichidziwa kupindika. Mphika wotere ukagwera pamwala umang'aluka, pomwe khasu likagunda mwala womwewo limangopinda kukamwa. Bomba la chitsulo chosweka chotere likaphulika, chimaphwanyika nthawi yomweyo n'kukhala tizidutswa tambirimbiri, tina ngati fumbi.

Koma chitsulo chotamuka, ngati cha khasu chija, chimayamba chafufuma kaye mpweya wamoto ukamachikankha kuchokera m'kati, kenako n'kung'ambika. Totalika tija, takuthwa m'mbali, timachokera kumeneko.

Koma ngakhale bomba limodzi silitulutsa zidutswa zofanana. Wasayansi wa ku Britain, Nevill Mott, anafufuza zimenezi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Iye anafotokoza kuti chitsulo chili ndi malo ofooka omwazikana mwachisawawa. Mng'alu ukatseguka pamalo amodzi, chitsulo cha pafupi chimapumako, moti pamenepo sipabadwanso mng'alu wina. Pamene ming'alu yatalikirana pamatuluka chidutswa chachikulu, pamene yathithikana pamatuluka tating'ono. Zidutswazo zimauluka pa liwiro lotha kupitirira kilomita imodzi pa sekondi, n'chifukwa chake kanthu kochepa kamapha munthu ali patali.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine si tizitsulo mwatolato ayi. Pomwe panagwa mabomba ophulika, pamathanso kukhala lina lomwe silinaphulike, ndipo madzi a Shire amafukula zinthu. Dzimbiri limadya chitsulo chakunja, koma onga wa m'kati umakhalabe wamoyo kwa zaka zambiri. Mukaona chitsulo chathunthu chobulungira kapena chokhala ndi zipsepse kumchira, musachigogode ndi khasu, musachiponye pamoto, ndipo ana asapite nacho kwa ogula zitsulo zakale ngakhale kilo ikhale pa mtengo wabwino. Ikani chizindikiro chapatali, uzani amfumu, nkhani ifike kupolisi.