Waya pa sayileji unandionetsa zakuda ku Galway

Achimwene, mwati ng'ombe zizidzidyera zokha pa pit (mosungira sayileji, udzu wothinidwa wodyetsa ziweto) ndi waya wamagetsi m'malo mogula chotchinga chachitsulo? Ndangowerenga ndachita tsembwe. Waya umenewo musaukhulupirire, ine unandiphetsa ng'ombe.

Ndinali pa famu ina ku County Galway m'dziko la Ireland, ng'ombe 90, zonse zouma (zosakamidwa) zikudikira kuswa mu February monga zimakhalira kuno. Pit ija anaithira mpaka kutalika pafupifupi mamita atatu, chifukwa mdala mwini famuyo sankafuna kumanga ina. Aliyense amene wagwirapo ntchitoyi akudziwa kuti khoma la sayileji likapitirira mamita awiri ng'ombe sizifikira pamwamba. Zimangodya m'munsi, kumakumba, kumakumba, pamwamba n'kutsala denga lolendewera. Ndinamuuza mu December kuti tizisenga pamwambapo ndi shear grab, chitsulo cha pathalakitala chodulira sayileji. Ati dizilo wadula. Ndinamuuzanso kuti fencer yathu, makina opatsa waya magetsi, ndi yapamagetsi a m'nyumba, tipeze yabatire yodikirira. Ati ilipo. Inalipodi, koma mwana wake anali ataitengera kumunda wina kukatchingira mathole ake, osabweza.

Ndiye kunabwera namondwe Éowyn, Lachisanu pa 24 January 2025. Amene munali kuno mukukumbuka, dziko lonse linali pa red warning, chenjezo lalikulu kwambiri la nyengo, ku Mace Head m'mbali mwa nyanja ku Galway komweko mphepo inafika makilomita 184 pa ola, nyumba ndi mabizinesi oposa 700,000 opanda magetsi. Kwathu anazima kusanache. Kutuluka sikukanatheka, malata a shedi ankauluka ngati mapepala. Ndinakhala pakama ndili ndi nsapato kuphazi, ndikungoganiza za waya uja. Ng'ombe si zopusa anthuni. Panali nkhalamba ina yakuda imene m'mawa uliwonse inkayamba yanunkhiza waya, kuyandikiza mphuno pang'onopang'ono. Ndinkadziwa kuti ikangoona kuti sukuluma, basi zatha.

Nditatuluka cha m'ma 10, waya uli pansi m'ndowe, zitsulo zimene tinkazika m'sayileji zitapindika, ng'ombe zili piringupiringu mpaka m'kati. Zinakumba phanga loti munthu n'kulowamo choimirira, kenako denga lonse linagwa, pamodzi ndi matayala ndi pulasitiki yakuda yofunditsira sayileji ija. Poyamba sindinaone chilichonse. Kenako ndinaona mchira. Mchira ndi miyendo iwiri yakumbuyo, wina ukutakataka. Unali msoti wa bere loyamba, womwe ndinkaumwetsa ndekha mkaka uli kathole.

Thalakitala inali itatsekeredwa ndi chitseko cha shedi chomwe chinagwa. Foni netiweki palibe. Ndinayamba ndi foloko, koma ndinaopa kuubaya, ndiye ndinataya n'kumafukula ndi manja. Sayileji wothinidwa ndi thalakitala si udzu achimwene, amalemera ngati dothi lonyowa, ndipo madzi ake owawasa aja akalowa m'ming'alu ya m'manja amawotcha ngati mwathira tsabola. Ndinkakoka matayala odzaza madzi oundana, kuponya kumbuyo, zinzake zili pamsana panga zikudyabe ngati palibe chachitika. Nditafika pamutu, lilime lili panja, sayileji ali tho m'mphuno. Ndinachotsa ndi zala. Unapuma. Ndinakhala pansi m'ndowe momwemo, mutu wake uli pamiyendo panga, ndikuuyankhula Chichewa. Kudzuka kokha ayi, msana unali utathyoka. Dokotala wa ziweto anafika kukuda chifukwa cha mitengo m'misewu, anangoubaya jakisoni wougonetsa. Unakhala pamenepo titaufunditsa pulasitiki mpaka galimoto yotenga ziweto zakufa itabwera sabata yotsatira.

Mdala uja? Anabwera manja ali m'thumba, funso loyamba ati n'chifukwa chiyani sunazitsekere m'khola usiku. Khola lake liti, geti yake inathyoka chaka chatha n'kumangidwa ndi chingwe cha mabelo! Mpaka anayamba zoti andidula malipiro. Mwana wake ali chilili pambali, duu, fencer yabatire ili kumunda kwake. Mwayi ndinali ndi mauthenga a pa WhatsApp a mu December aja. Nditamuonetsa anangotembenuka n'kumapita. Pepani sanandiuze mpaka lero. Patatha masiku anagula fencer ya sola n'kumauza anzake ngati nzeru yake. Ndinachokapo mu April, atamaliza kuswetsa, chifukwa ng'ombezo sizinandilakwire.

Komabe ndisanamize, kumene ndili panoku tikugwiritsa waya womwewo ndipo sindingausinthe. Chotchinga chachitsulo ndi ndalama, n'cholemera, kusuntha mpaka thalakitala kapena anthu awiri, ndipo ng'ombe zikachizolowera zimachikankha ndi zifuwa, zina makosi kunyuka. Waya ndimasuntha ndekha kapu ya tiyi isanazizire. Ndiye ngati bwana wanu watsimikiza, yambani mwayeza khoma. Lisapitirire mamita 1.8, chotsalacho sengani ndi makina mukapatse mathole. M'lifupi muwerengere masentimita 20 pa ng'ombe iliyonse ngati zikudya usana ndi usiku, zikakhala za nthawi yoikika malo amenewo sakwana. Waya ukhale cha pachifuwa pa ng'ombe, muziusuntha tsiku lililonse, masentimita 10 kapena 15. Pit ikakhala yotakata kwambiri moti sizikudya mofulumira chonchi, sayileji amatentha n'kuchita nkhungu, mudzaona zikungonunkhiza n'kubwerera. Pulasitiki ndi matayala muzibweza m'mbuyo pang'ono, zisalendewere pamwamba pa mitu. Sayileji akagwera pa waya mphamvu imathawira pansi, choncho tesita yoyezera magetsi a waya isachoke m'thumba, m'mawa ndi madzulo. Ndowe kupala tsiku ndi tsiku, apo ayi zidya zosakaniza ndi ndowe zawo.

Misoti muiyang'anitsitse. Pa zaka ziwiri imakhala ikugulula mano akutsogolo, kuzula sayileji wothina kumaivuta, ndipo ikalumidwa ndi waya kamodzi imaopa, n'kumadikira zikuluzikulu zikhute. Siyani getsi loyaka usiku kuti izidya zinzake zikagona. Ine ndimaigwetsera wina pansi ndi foloko. Fencer ya pa pit ikhale yakeyake yaing'ono, osati kulumikiza ku ija ya famu yonse, imamenya mopitirira ndipo zamantha zimaonda muli pompo.

Koma kunena zoona, pit ikakhala yaitali ndipo bwana ndi wa "dizilo wadula", kakamirani chachitsulo, ngakhale nachonso denga likagwa sichipulumutsa. Zonse zimene mwamuchenjeza mulembereni pa foni, osati pakamwa. Ndipo a zanyengo a Met Éireann akangolengeza mphepo, zitsekereni m'khola madzulo omwewo, ngakhale ndi chingwe cha mabelo. Batire langa lodikirira limagona kuchipinda kwanga, pansi pa bedi, sindibwereketsa aliyense.