Galimoto "inkadziyendetsa yokha": musathamangire kusaina mapepala a inshulansi

Mayi wina walemba motere: "Amuna anga anachita ngozi masabata atatu apitawa. Galimoto yawo ili ndi makina aja oti ukawayatsa imatsata msewu yokha, kuchepetsa liwiro ndi kumanga mabuleki yokha. Tsikulo makinawo anali oyatsa, koma galimoto inakaomba lole imene inaima m'mbali mwa msewu, ndipo munthu amene anali pafupi ndi loleyo anavulala kwambiri. Apolisi akuti wolakwa ndi amuna anga. Alamu anga akuti tisumire kampani yopanga galimotoyo poti ndiyo inkayendetsa. A inshulansi akuti galimoto yatheratu, tisaine atipatse ndalama, iwo aitenge. Tiyambire pati?"

Mayi, yambirani pa mapepala a inshulansiwo. Musasaine sabata ino. Za apolisi ndi za alamu anu tikambirana, koma zimenezo zikhoza kudikira masiku angapo. Galimotoyo ndiye siidikira munthu.

Mlandu wamtunduwu umaima kapena kugwa pa funso limodzi: m'masekondi omaliza aja, makina anaona chiyani, anachita chiyani, nanga dalaivala ankatani? Amuna anu anena zawo, koma khoti limadziwa kuti munthu wozengedwa mlandu amadzikometsera. Wovulalayo mwina sanaone kalikonse. Mboni imene inaona zonse, yosaiwala, yosakondera, ili m'kati mwa chigoba chimene a inshulansi akufuna kukoka.

M'galimoto zamakonozi mumakhala zinthu ziwiri zosunga umboni. Choyamba ndi kabokosi kamene kamagwira ntchito pamodzi ndi ma airbag, matumba a mpweya aja amene amafufuma pangozi. Kamalemba liwiro, ngati buleki inapondedwa, ngati lamba anali womanga, kwa masekondi ochepa ngozi isanachitike. Ku America lamulo lakhala likunena masekondi 5, ndipo ku European Union galimoto zatsopano zonse zimayenera kukhala nako kuyambira July 2024. Chachiwiri, chimene chili chofunika kwambiri pa nkhani yanu, ndi kompyuta ya makina oyendetsawo. Imeneyo ndi imene imadziwa zimene makamera anajambula, ngati inazindikira kuti kutsogoloku kuli lole, ngati inaliza chenjezo, ngati manja anali pa chiwongolero. Zina mwa zimenezi zimatumizidwa ku kampani kudzera pa intaneti, zina zimatsala m'galimoto momwemo.

Tsopano taonani chimene chimachitika mukasaina. Umwini wa galimoto umapita kwa a inshulansi. Iwo sasunga zitsulo, amagulitsa pa okushoni. Wogula amaphwasula, ndipo makompyuta ndi makamera ndi zimene zimayamba kuchoka chifukwa zimayenda malonda. Ena amakonza galimotoyo n'kuiliza, zakale zija n'kufufutika. Ku America kuli lamulo la 2015 lonena kuti zolembedwa m'kabokosi kaja ndi za mwini galimoto. Lamulo labwino ndithu, koma mukasaina, mwini galimoto si inunso.

Ndinaonapo banja lina likugwa m'mbuna yomweyi, ngakhale nkhani yawo inali ya mabuleki wamba. Anali ndi mfundo zomveka, makaniko anali atakayikira kale chipangizo china, koma analandira cheke chifukwa ngongole zachipatala zinali zitawapana. Pofika kwa ine patatha miyezi inayi, galimoto inali itadutsa m'manja mwa anthu atatu. Maloya a mbali inayo sanavutike n'komwe kutsimikizira kuti chipangizocho chinali chabwino. Anangoti: "Mukuti katundu wathu anali ndi vuto, ali kuti timuone?" Mlandu unathera pomwepo. M'maiko ambiri khoti likaona kuti amene akudandaula ndiye analola umboni kuwonongeka, limatha kuganiza kuti umboniwo ukanamutsutsa. Amati mlandu suola, inde, koma umboni umaola, ndipo umaola msanga.

Chimene chimandikwiyitsa pang'ono n'chakuti wogwira ntchito ku inshulansi amene akukuimbirani kawirikawiriyo amadziwa bwino kuti galimotoyi ili ndi makina otere. Sakunama, sakukuberani. Iye amayamikiridwa akatseka faelo msanga, basi. Kukuuzani kuti m'chigobamo muli umboni si ntchito imene anamulembera.

Kuti muone kulemera kwa kompyuta imeneyi, tengani mlandu wa ku Florida, ku America. Mu 2019, ku Key Largo, dalaivala wa galimoto yopangidwa ndi kampani ya Tesla, amene anayatsa makina othandiza kuyendetsa otchedwa Autopilot, anawerama kuti atole foni, galimoto n'kudutsa pamphambano n'kuomba galimoto ina yoima. Mtsikana wina anamwalira, bwenzi lake linavulala kwambiri. Kwa nthawi yaitali kampani inkanena kuti zolembedwa zonse za mphindi ya ngoziyo ilibe. Zinapezeka pamene maloya a banjalo anapeza kompyuta ya galimotoyo n'kuipereka kwa katswiri amene anazitulutsa. Mu August 2025 khoti la ku Miami linagamula kuti Tesla ilipire pafupifupi madola 243 miliyoni, ndipo kampaniyo inati ichita apilo. Kompyuta ija ikanapita kwa ophwasula, nkhani ikanakhala ina.

Koma alamu anu asanayambe kuwerengera mamiliyoniwo, muwauze mbali inayo ya chigamulocho: kampani inapatsidwa 33 peresenti ya kulakwa, dalaivala 67. Ndipo amene anasuma ndi ovulazidwa, osati dalaivala. Amuna anu pa nkhani yanuyi ali pa mpando wa dalaivala uja.

Apa ndi pamene achibale ambiri amasokonezeka, ndipo sindiwadzudzula kwambiri chifukwa maina amene makampani amapatsa makinawa ndi okopa. Akatswiri amagawa luso limeneli m'magawo, kuyambira 0 mpaka 5. Galimoto zambiri zimene anthu akugula n'kumati "zimadziyendetsa zokha" zili pa gawo 2. Pa gawo limeneli makina amangothandiza, woyendetsa ndi munthu, ndipo buku la galimoto limanena zimenezo mobwerezabwereza, ngakhale palibe amaliwerenga. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ya amuna anu ikuoneka kuti ili pamenepa. Gawo 3 ndi pamene makina amayendetsadi m'malo ena ovomerezeka ndipo dalaivala amaloledwa kuchotsa maso pamsewu mpaka galimoto itamuitana. Mercedes inalandira chilolezo chotero ku Germany mu 2021, pa misewu ikuluikulu yokha, poyamba pa liwiro losapitirira makilomita 60 pa ola. Ku Britain lamulo la 2024 limati munthu wa pa chiwongolero sazengedwa mlandu wa kayendetsedwe pamene makina ndiwo akuyendetsa, koma chitetezo chimenecho n'cha galimoto zokhazo zimene boma lavomereza kuti ndi zodziyendetsadi. Makina othandiza chabe salowamo.

Ngakhale pamene galimoto inalidi yoyesera kudziyendetsa, onani amene anaima m'khoti. Mu March 2018, ku Tempe m'chigawo cha Arizona ku America, galimoto ya kampani ya matakisi ya Uber inaomba ndi kupha mayi amene ankawoloka msewu akukankha njinga. Ofufuza anapeza kuti makina anamuona masekondi oposa 5 asanamuombe koma ankalephera kuzindikira kuti ndi chiyani, komanso kuti buleki yadzidzidzi ya galimotoyo inali itazimitsidwa. Komabe oimira boma pamilandu anati kampani ilibe mlandu waupandu. Amene anazengedwa ndi wogwira ntchito amene anakhala pa chiwongolero, ndipo mu 2023 anavomera mlandu wocheperako.

Choncho apolisi akamati wolakwa ndi amuna anu, sakunena zachilendo. Chimene ndikuopa ndi sitetimenti. Madalaivala ambiri amauza wapolisi kuti "galimoto inkadziyendetsa yokha" poganiza kuti akudziteteza, osadziwa kuti kwa woimira boma mawu amenewo akutanthauza kuti "sindinkayang'ana kutsogolo". Ngati ananena kale, ananena, asapite kukasintha okha. Apeze loya wa milandu yaupandu, atenge kope la sitetimentiyo, ndipo asakayankhenso mafunso popanda loyayo. Mundikhululukire, koma apolisi ambiri amayeza mizere ya matayala pamsewu, kujambula zithunzi, n'kutseka faelo osafunsa n'komwe za kompyuta. Musayembekezere kuti akusungirani umboni umenewu.

Nanga umboniwo ungathandize chiyani ngati dalaivala ndiye amaonedwa wolakwa? Ukhoza kusonyeza kuti manja anali pa chiwongolero, kuti chenjezo silinalire, kapena kuti makina anakhotetsa galimoto kulunjika ku loleyo. Zimenezi zikhoza kuchepetsa mlandu waupandu, ndipo pa mlandu wa chipukuta misozi zikhoza kupangitsa kuti kampani isenze gawo lina la katunduyo. Ukhozanso kusonyeza kuti chenjezo linalira katatu amuna anu ali pa foni. Zikatero, ndi bwino loya wanu adziwe tsopano kusiyana n'kukadzidzimuka nazo m'khoti. Sindikulonjezani kuti mupambana. Milandu yolimbana ndi makampani a galimoto imatenga zaka, imafuna akatswiri odula, ndipo yambiri imathera pa kugwirizana kunja kwa khoti kapena kugonja kumene.

Pali kachinyengo kamodzi koti muchenjere nako. Kampani ikhoza kukuyankhani kuti "pa nthawi ya ngozi makina anali ozima". Mwina n'zoona, koma funsani kuti anazima liti. Mu 2022 bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, la NHTSA, litaunika ngozi 16 za Tesla zoomba galimoto zothandiza pangozi ndi zina zoima pamsewu, linapeza kuti kawirikawiri Autopilot inkasiya kuyendetsa kutatsala nthawi yosakwana sekondi imodzi kuti galimoto igunde. Palibe munthu angapulumutse galimoto m'kanthawi kotero. Loya wanu apemphe zolembedwa za mphindi zingapo ngozi isanachitike, osati za sekondi yogundayo yokha. Ndipo musaganize kuti makampani amatulutsa zonse mwa kufuna kwawo. Mu October 2023 ku San Francisco, takisi yopanda dalaivala ya Cruise inakoka mayi wina mtunda wa mamita pafupifupi 6, ndipo akuluakulu a boma la California anailanda chilolezo ponena kuti kampaniyo sinawaonetse nkhani yonse.

Zochita zake nazi, mwachangu. Lemberani a inshulansi lero, osati pafoni koma kalata kapena imelo, kuti galimoto isagulitsidwe, isaphwasulidwe, isalizidwe, chifukwa ndi umboni pa mlandu. Musakane kugwirizana nawo, pangano lanu limafuna kuti muziwathandiza. Mukungopempha kuti adikire, ndipo iwonso umboniwo ukhoza kuwathandiza kupezanso ndalama zawo kuchokera ku kampani yopanga galimotoyo. Akakuuzani kuti kusunga galimoto kuli ndi mtengo, lipirani kapena isamutseni pa lole mukaisunge pamalo otseka, mulembe tsiku ndi amene anainyamula. Loya alembere kampani yopanga galimoto kalata yoti isunge zonse zimene inalandira, atchule nambala ya chasisi, tsiku ndi ola. Ku Germany lamulo limati zolembedwa za makina odziyendetsa zifufutidwe pakatha miyezi 6, koma zisungidwe zaka 3 ngati pachitika ngozi. Kumene kulibe lamulo lotero, kalata yanu ndi imene imawamanga manja.

Makaniko wanu asayese kutsegula kompyutayo, ngakhale mumamukhulupirira chotani. Kutulutsa zolembedwazo kumachitika ndi katswiri, mbali zonse zitadziwitsidwa, apo ayi adzati munasokoneza. Ngati muli kamera yojambula kutsogolo, kakhadi kake kasungidwe. Akaunti ya galimoto ya pafoni isatsekedwe. Foni ya amuna anu asafufutemo kanthu, chifukwa kufufuta kumaoneka ndipo kumaipa kuposa zimene zinalimo. Sungani buku la galimoto, pangano logulira, ndi zotsatsa malonda zimene munaona pogula. M'panganomo muyang'ane ngati munavomera kuti mikangano izikambidwa kwa mkhalapakati osati kukhoti, chifukwa ambiri amasaina zimenezo osadziwa.

Pa mapepala a inshulansiwo, werengani ngati akunena za galimoto yokha kapena akuti mwathetsa madandaulo onse okhudza ngoziyi. Mzere umodzi wotero ukhoza kutseka khomo la ku kampani.

Wovulalayo kamuoneni, ndi umunthu umenewo. Koma alamu anu asapite kukalonjeza ndalama kapena kulemberana kalata yovomera kulakwa, chifukwa a inshulansi akhoza kukana kulipira ponena kuti munavomera popanda iwo. Zodandaula zonse zochokera ku banja lake muzizipereka kwa a inshulansi tsiku lomwelo.

Pomaliza, nthawi yosumira ili ndi malire, ndipo imasiyana dziko ndi dziko: pa milandu ya kuvulala, ku England ndi zaka 3, ku California zaka 2. Funsani loya wanu tsiku lenileni la kwanuko mulilembe penapake. Koma kalata ya kwa a inshulansi ija ipite lero, madzulo asanafike, ndipo muonetsetse kuti akuyankhani polemba kuti galimoto ili kuti.