Kwa achemwali a ku Manchester ofuna kubwera ndi ana kudzathandiza kuno ku Chigwa cha Shire

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati kwanu ndi ku Dedza koma inu ndi bambo akunyumba mumakhala ku Manchester, ana atatu onse anabadwira konko, wamkulu ali ndi zaka 15, chitsiriza 7, ndipo chionereni zithunzi za namondwe Freddy mtima wanu sunakhale pansi. Mukufuna kubwera pa Khrisimasi kwa milungu iwiri ndi masutikesi a zovala, mukacheze kumalo osungirako ana amasiye, ana anu apenteko sukulu ina ku Chikwawa kapena ku Nsanje, "aone mmene anzawo akuvutikira". Ambiri m'gulu lino akuyankhani kale kuti Mulungu akudalitseni, ndipo akudalitsenidi. Ine nditalikitsako pang'ono. Ndaphunzitsa kuno zaka zambiri, ku East Bank (tsidya la kum'mawa kwa Shire) komanso tsidya lino la Bangula, ndipo alendo a mtima ngati wanu ndalandirapo kangapo. Ena timawatchulabe mpaka lero, ena tikawakumbuka timangopukusa mutu.

Ndiyambe ndi mwezi. Disembala ayi. Munthu wa ku Dedza kutentha kwa kuno amangokumva pa wailesi. Mukamatsika Thabwa kuchokera ku Blantyre, mpweya umasintha ngati wina wavundukula poto pamaso panu. Kuyambira Okutobala mpaka mvula itakhazikika, madigiri 40 si nkhani ku Ngabu kapena ku Nsanje, timagona panja pamphasa udzudzu uli pa phwando. Mwana wa zaka 7 wokulira ku Manchester tsiku lachiwiri mudzamupeza ali lefu. Komanso nthawi imeneyo sukulu zatsekera, aliyense ali kumunda, ndipo m'nyumba zambiri ufa uli kumapeto. Mukafika adzakupherani nkhuku, imene ankasunga kuti agulitse apeze ndowa ya chimanga, ndipo sadzakuuzani. Kuwonjezera apo, Disembala ndi pakhomo pa nyengo ya madzi. Ife madzi satidikira kuti mvula igwe kuno. Ikagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, Ruo amaitenga yonse kudzaithira mu Shire. Mu Januwale 2015 Makhanga inasanduka chilumba, anthu ankapulumutsidwa ndi mabwato ndi helikopita. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lonse linalowa mumdima, msewu wa M1 n'kuduka malo angapo. Anamondwe Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 onse anali a Malichi. Bwerani kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti ana ali pa holide yaitali. Kumakhala kwazizirirako, misewu ikudutsika, madimba abiriwira, ndipo anthu ali ndi mpata wokhala nanu pansi.

Tsono masutikesi aja. Idai atangodutsa, banja lina la kunja linabwera kudera limene ndinkaphunzitsa, kudzera mu mpingo wina. Anthu abwino zedi, mayi ake ankalira akamaona misasa. Anabweretsa zovala zokwana anthu mwina zana limodzi, m'mudzi wa anthu oposa pamenepo kangapo. Amfumu anavutika usiku wonse ndi kope kulemba maina. Kutacha pansi pa mtengo panadzaza, ana kukankhana, amayi kutukwanizana, ndipo amene sanalandire anati amfumu akondera akubanja kwawo. Alendo anakwera galimoto Lachisanu akubayibitsa, ife tinatsala ndi milandu mpaka mvula ina. Mwa zovalazo munali majekete okhuthala a kuchisanu. Patapita mwezi ndinapeza limodzi kwa agogo ena, layalidwa bwinobwino m'chisa, nkhuku ikufungatira mazira pamenepo. Agogowo anati, "Aphunzitsi, ndithu chinthuchi nchabwino, mazira sakusweka." Sindinawatsutse.

Ndalama imene mudzalipire pa ndege chifukwa cha katundu wowonjezera ingagule zovala zochuluka pa kaunjika wa pa Nchalo kapena pa Ngabu, zoyenera kutentha kwa kuno, ndipo mayi wogulitsayo nayenso adyetsa ana ake. Ngati ndi yunifomu, telala wa pakhonde ali pompano ndi makina ake, akungosowa oda. Ndipo chilichonse chimene simungathe kupatsa aliyense, musagawe pagulu. Siyani kwa komiti kapena kwa gulu la amayi la pasukulu, amadziwa mwana amene akusowadi, ndipo amadziwa kumupatsa mwakachetechete anzake osamuseka.

Za penti ndilankhula mosabisa. Banja lomwelija linapenta kalasi imodzi masiku atatu, ana awo manja onse buluu, zithunzi zambirimbiri. Khomalo linali ndi chinyezi chochokera pansi, pulasitala yake yofumbutuka, ndipo mmisiri aliyense wa kuno akanayamba wapala ndi kumata kaye. Isanathe miyezi inayi penti inayamba kusupuka ngati khungu la njoka. Nthawi yonseyo mnyamata wodziwa kupenta, wokhala ndi mkazi ndi ana awiri, anali chiimire pawindo kuonerera ganyu yake ikugwiridwa ulere. Koma chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti vuto la sukuluyo silinali penti. Chimbudzi cha atsikana chinali chitatitimira ndi madzi, atsikana a Sitandade 7 ndi 8 ankajomba masiku awo akafika. Ahedi ankadziwa, ine ndinkadziwa, koma alendo anafika atanyamula kale zitini, ndipo kwathu kuno mlendo sauzidwa kuti mphatso yake yalakwika. Tinawathokoza, tinawavinira. Mlandu wina ndi wathu womwe, ndikuvomera.

N'chifukwa chake ndikuti musanagule tikiti, funsani. Osafunsa kuti "Kodi tikubweretsereni mabuku?" chifukwa yankho lidzakhala "Eya, zikomo kwambiri" ngakhale makatoni a mabuku akudyedwa ndi chiswe mu ofesi. Funsani kuti, "Pa zimene mwakhala mukukonza nokha, chakanika n'chiyani?" Kenaka khalani chete, muwapatse masiku akakambirane. Mudzadabwa kuti anthu ali kale ndi mndandanda wawo. M'midzi muli ma VDC (makomiti a chitukuko cha m'mudzi), pasukulu pali komiti, pamjigo pali komiti, mlangizi wa zaumoyo amadziwa khomo lililonse. Njira yake ndi yodutsa kwa nyakwawa ndi gulupu, ndipo ngati ntchitoyo ndi yomanga kapena yokhudza ana, ofesi ya DC idziwe. Zimaoneka zochedwetsa, koma safunsa anadya phula.

Chitsanzo chabwino chimene ndinaona ndi cha banja lina la Amalawi okhala ku Johannesburg. Iwo ankafuna kukumba mjigo watsopano. Amayi a m'mudzimo anawauza kuti ayi, madera ambiri kuno madzi apansi ndi amchere, mukhoza kutaya ndalama zambiri n'kutulutsa madzi oti ngakhale nyemba sizipsa, sopo osachita thovu. Mjigo wa madzi okoma unalipo kale, koma unafa, amayi ankayenda mtunda kukatunga kumtsinje kumene ng'ona imadikirira. Anaitana makaniko wa mijigo wa m'deralo. Ndinalipo tsiku limenelo. Anazula marodi mmodzimmodzi kuwayala pa udzu, awiri anali odyeka ndi dzimbiri, ndipo timarabala ta pansi tinali titatheratu, tinthu toti mukhoza kufumbata m'dzanja. Mwana wa alendowo, wa zaka ngati za wanu wamkuluyo, ntchito yake inali kugwirizira rodi ndi kupatsira sipanala, thukuta lili kamukamu. Chakumadzulo madzi anatuluka, poyamba ofiira, kenaka oyera, nthungululu mpaka mudzi wachiwiri. Makaniko analipidwa, zotsala za masipeya zinalembedwa m'kope la komiti, ndipo banjalo limaimbabe foni kufunsa ngati anthu akusonkha ya mwezi ndi mwezi. Ndalama imene anawononga sinafike ngakhale pa tikiti ya munthu mmodzi.

Pa ndalama pomwepo: musapereke kwa munthu mmodzi kuseri, kaya ndi abusa, kaya ndi ahedi, kaya ndi ine. Itchulidwe pamsonkhano anthu akumva, ndipo ngati n'kotheka gulani simenti ndi malata muli pompano, malisiti aonekere. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo sikhazikika, ndalama yogona mwezi m'thumba la munthu imafika ku shopu itafupika, ndiye mumayamba kuganizirana zakuba pomwe palibe waba.

Kumalo osungirako ana amasiye ndikupemphani musapite ndi ana anu ngati kokaona malo. Ana ambiri a m'malo otere ali ndi agogo, azakhali, ena kholo limodzi lili moyo; chinawapititsa kumeneko ndi umphawi. Boma lenilenilo, kudzera ku Social Welfare, lakhala likulimbikitsa kuti mwana akulire kwa abale ake. Ndipo taganizirani mwana wa zaka zinayi amene mwezi uliwonse amanyamulidwa ndi mlendo watsopano, kumuzolowera, Loweruka mlendo wapita. Kwanuko munthu saloledwa kugwira ntchito ndi ana popanda DBS, chikalata chosonyeza kuti mbiri yake ya milandu inafufuzidwa. Mungalole munthu wongotsika ndege alowe m'kalasi mwa mwana wanu, amunyamule, amujambule? Ngati mtima wanu uli pa ana aang'ono, sukulu za mkombaphala zilipo m'midzi, zoyendetsedwa ndi amayi ongodzipereka. Ufa wa phala, mapoto, mthunzi wabwino, zimenezo zimasowa nthawi zonse, ndipo ana amabwerera kwawo masana.

Zithunzi nazo. Mwana wa mphunzitsi mnzanga anajambulidwa akuchokera kosewera, fumbi thupi lonse, kabudula wong'ambika. Patapita milungu msuweni wake wa ku Joni anamuona pa Facebook, pansi atalemba kuti ndi wamasiye wa njala. Bambo ake ali moyo, amalandira malipiro mwezi uliwonse. Masiku ano foni zafika paliponse, chimene mwaika ku Manchester mawa chili pa Marka. Pemphani kaye, ndipo muwauze ana anu lamulo limeneli musananyamuke.

Tsopano mawu anu aja akuti "aone mmene anzawo akuvutikira". Ndikumvetsa, mukufuna asamataye chakudya, asamalilire nsapato zatsopano. Koma mwana mukamuuza kuti tikukaona ovutika, adzaonadi ovutika okhaokha, ndipo anzakewo adzazindikira mmene akuwayang'anira. Auzeni kuti tikupita kwathu kukaphunzira. Kuno kuli zoti aphunzire: mnzake wa zaka 11 amene amaweta ng'ombe makumi awiri yekha, amapalasa njinga yonyamula matumba awiri, amaumba mpira wa majumbo wodunda bwino. Apite kudimba m'mawa akathirire ndi kheni, adye nsima ya mapira ndi mlamba wouma, alawe masau ndi malambe, amve kwa agogo mmene anthu amazulira nyika m'dambo chaka cha njala, mkati mwa ng'ona. Adziwe kuti kuno ndi kwa Amang'anja ndi Asena, kwa Lundu ndi kwa Mbona wa ku Khulubvi, anthu a mbiri yawo. Chichewa chanu chidzamveka paliponse, koma mwana wa ku Manchester akati "Muli tani?" kapena "Takhuta" kwa gogo wa ku Nsanje, mudzaona mano onse panja. Kulandira ndi manja awiri muwaphunzitsiretu, ndipo ngati pali mtsikana mumugulire chitenje. Tsiku limodzi kapena awiri muwatengere ku Majete kapena ku Lengwe akaone nyama. Musachite nazo manyazi, ndi holide yawo, ndipo ogwira ntchito kumeneko ndi ana a kuno komwe. Kunena zoona, pa milungu iwiri amene adzapindule kwambiri ndi ana anu, osati mudzi. Palibe cholakwika pamenepo, bola mudziwe choncho ndipo muthokoze eni mudzi monga aphunzitsi awo.

Za umoyo mwachidule. Mankhwala oteteza malungo nonse asanu, inu ndi bambo omwe. Thupi limaiwala, zaka zimene mwakhala kunjazo musadzitenge ngati a kuno. Neti usiku uliwonse. Mu Shire ndi m'madambo ana asalowe, muli ng'ona, mvuu ndi likodzo. Madzi akumwa owiritsa kapena othira mankhwala, kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale. Zipatala zilipo ku Chikwawa boma, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi ku Nsanje boma, koma ku East Bank ulendo umatalika, ndiye ndi mwana wa zaka 7 gonani tsidya la M1, kumudzi muzipita masana.

Simunatiuze ntchito zimene inu ndi bambo mumagwira kumeneko, ndipo zimenezo n'zofunika kuposa masutikesi. Ngati ndinu namwino, simungangofika n'kuyamba kubaya jakisoni, pamafunika chilolezo cha Nurses and Midwives Council, koma pali zina mungachite limodzi ndi alangizi a zaumoyo. Ngati bambo ndi a zamagetsi kapena za makompyuta, pali masola akufa pa zipatala zazing'ono ndi m'sukulu amene akungosowa wodziwa kuwayeza. Tiuzeni zimenezo muno, ndi dera limene mukuliganizira pakati pa Chikwawa ndi Nsanje, a kumeneko ali m'gulu lino akulozereni komiti yoyenera kuyamba kulankhula nayo Ogasiti asanafike.